Mwagula njinga yamoto yapakatikati: zoyenera kuchita kuchokera tsiku loitenga mpaka ulendo woyamba wautali

Njinga zimene ndikunena pano ndi za injini yoyambira cha pa 300cc mpaka cha pa 700cc. M'gulu limeneli muli Honda CB500X ya 471cc, imene kuyambira 2024 akuitcha NX500, Kawasaki Versys 650, Suzuki V-Strom 650, Yamaha Tracer 7 ya 689cc, KTM 390 Adventure ndi Royal Enfield Himalayan. Anthu amazikonda chifukwa mkati mwa sabata zimakufikitsani kuntchito osamwa mafuta ngati galimoto, ndipo Loweruka mutha kumangirira chikwama n'kuyenda makilomita 400 injini osadandaula.

Ambiri ogula njinga zimenezi amakhala akuchokera pa kanjinga ka 125cc kapena 150cc, ndipo mantha awo onse amakhala pa mphamvu. Inenso ndinkaopa zomwezo. Koma mphamvu imamvera dzanja, mukapotokola pang'ono imabwera pang'ono. Chimene sichimvera munthu ndi kulemera. Kanjinga kakang'ono kamalemera makilogalamu 110 mpaka 130, pamene izi zimafika pafupifupi 200, V-Strom 650 mpaka kudutsa 210. Choncho miyezi yoyamba ndi yoti thupi lanu ndi njingayo zizolowerane, ndipo kugula zokongoletsa kapena kuthamangira ulendo wakutali kuyambe kwadikira.

1. Musananyamuke pamalo pamene mwagulira

Tsiku lotenga njinga mtima umakhala m'mwamba, makutu samva. Wogulitsa amalankhula, inu maso ali pa utoto. Dzigwireni kwa mphindi 20 zokha. Muuzeni akusonyezeni potsegulira mpando, pamene pali batire ndi mafyuzi, kagalasi koonera oyilo, ndi kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni kamene kamanena mpweya wa matayala, ndipo chilichonse muchigwire ndi dzanja lanu. Nambala ya chasesi ndi ya injini muziyerekeze ndi zolembedwa pa mapepala, chilembo ndi chilembo.

Onetsetsaninso kuti layisensi yanu ikuloleza njinga ya msinkhu umenewu. M'mayiko ambiri layisensi ya njinga ili ndi magawo. Ku Ulaya ya A2 imalekezera pa mphamvu ya 35 kW, n'chifukwa chake Honda anapanga CB500X kuti ifike pomwepo basi. Inshuwalansi iyambe tsiku lomwelo.

Ngati njingayo ndi yogula kwa munthu, yang'anani m'mbali mwa tayala manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi mawu akuti DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 1821 ndiye kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 18 m'chaka cha 2021. Tayala likapitirira zaka zisanu limayamba kuuma ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya.

Buku la njinga musalisiye. Ngati linatayika, makampani ambiri amaliika pa intaneti. Manambala amene ndilembe m'munsimu ndi a njinga zambiri, koma pamene buku lanu lanena zosiyana, mverani buku.

2. Phunzirani kulemera kwake injini isanalire

Yanga ndinaigwetsa tsiku lachitatu, pa liwiro losaposa la munthu woyenda pansi. Ndinkatembenuka pamalo oimika magalimoto, chiwongolero nditakhotetsera kumanja mpaka kumapeto, ndiye munthu anangotulukira kuseri kwa lole. Ndinafinya buleki yakutsogolo. Njinga inaima pomwepo n'kuyamba kupendekera kumanja. Ndinatsitsa phazi, phazi linaponda timiyala n'kuterereka. Sinagwe ngati chinthu chogundidwa ayi, inagona pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, ine ndikuionerera, manja akadali pa chiwongolero. Chogwirira buleki chinathyoka kunsonga, indiketa inasweka, ndipo munthu uja anandithandiza kuidzutsa akuyesetsa kubisa kuseka.

Lamulo limene ndinaphunzira tsikulo ndi ili: chiwongolero chikakhala chokhota, buleki yakutsogolo musaikhudze. Wongolani kaye, kenako imani. Pa liwiro lapansi gwiritsani ntchito buleki yakumbuyo.

Pezani malo athyathyathya opanda magalimoto ndipo muchite izi kwa masiku angapo. Yambani injini ili yozimitsa. Imani kumanzere kwa njinga, m'chiuno mwanu mutatsamiritsa pa mpando, zala ziwiri zili pa buleki, muikankhe kutsogolo ndi kumbuyo. Iwerameni pang'ono kwa inu, osati kumbali inayo, chifukwa ikapendekera uko simungaibweze. Mukazolowera, lizani injini, lowetsani giya yoyamba n'kumasula kilatchi pang'onopang'ono mpaka mumve njinga ikuyamba kukoka. Kamalo kameneko, pamene kilatchi yagwira theka, ndi pamene pali chinsinsi chonse choyendera pang'onopang'ono. Moto ukhale wokhazikika, kilatchi ikhale pa theka, phazi lakumanja likhudze buleki yakumbuyo mopepuka. Mudzadabwa kuona njinga yolemera ikuyenda mowongoka ngati yamangidwa pa chingwe.

Kenako zungulirani ngati mukulemba nambala 8, maso ali kumene mukupita, osati pa tayala lakutsogolo. Njinga imatsata maso. Mukayang'ana dzenje, mulowa m'dzenjemo.

Poimika, isiyeni mu giya yoyamba nthawi zonse. Pamalo otsetsereka iyang'ane kumtunda, chifukwa ikayang'ana kumunsi imatha kusuntha pang'ono sitandi n'kudzipinda yokha. Kumbukiraninso kuti njinga zimenezi zilibe giya yobwerera m'mbuyo. Mukalowa chamutu pamalo otsika, mudzatuluka thukuta poikoka. Pa dothi lofewa kapena phula lotentha ikani kathabwa kapena mwala wophwatalala pansi pa sitandi.

Tsiku lina idzagwabe, ndiye dziwiranitu kadzutsidwe kake. Zimitsani injini. Onetsetsani kuti ili mu giya kuti isathawe. Ngati yagwera kumanja, tambasulanitu sitandi kuti ikadzuka isapitirire kugwera mbali inayo. Ifulatireni, matako pa mpando, dzanja limodzi ligwire chiwongolero chimene chili pansi, linalo ligwire chitsulo chakumbuyo kwa mpando. Kankhani ndi miyendo, tizimayendedwe ting'onoting'ono chobwerera m'mbuyo, msana uli wowongoka. Ndipo musafulumire chifukwa cha manyazi. Njinga ili pansi sipitanso kwina, koma msana ukathyoka mudzausamalira miyezi.

3. Kuzoloweza injini yatsopano

M'kati mwa injini yatsopano zitsulo zimakhala zisanagwirizane bwino, makamaka maring'i a pisitoni ndi khoma la silinda. Makilomita oyamba ndi amene amazinola kuti zikhalane. Makampani amasiyana pa malamulo ake. Honda amangoti pa makilomita 500 oyamba musanyamuke ndi moto wonse komanso musathamange mwadzidzidzi. Mabuku ambiri a Kawasaki akhala akunena kuti injini isapitirire 4000 rpm, kutanthauza kuzungulira ka 4000 pa mphindi, pa makilomita 800 oyamba, kenako 6000 rpm mpaka makilomita 1600.

Chimene anthu amalakwitsa kwambiri si kuthamangitsa, ndi kulera injini mopitirira. Munthu amakwera giya ya 6 akuyenda makilomita 40 pa ola, akuti akuisamala, injini n'kumagogoda ngati ikutsokomola. Kumeneko ndi kuipweteka. Isiyeni izizungulira momasuka, muzisinthasintha magiya, liwiro likwere ndi kutsika. Msewu wokhotakhota wa zitunda ndi wabwino pa ntchito imeneyi kuposa msewu waukulu wowongoka, pamene mungakhale ola lathunthu pa liwiro limodzi. M'mawa musailizenso kwa mphindi 10 ili pa sitandi. Theka la mphindi likwanira, kenako muyende modekha mpaka itenthe.

Matayala atsopano amaterera mpaka atayenda makilomita 150 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mapadi a mabuleki nawo amafuna nthawi kuti agwirane ndi chimbale. Pokhota muziwerama pang'ono, mawa kuonjezerapo pang'ono.

4. Zovala

Apa sindichulutsa. Helimeti ikhale yotseka nkhope yonse ndi chibwano chomwe, yokhala ndi chizindikiro cha ECE 22.06 kapena ECE 22.05 yakale, kapena DOT ya ku America. Ikhale yothina masaya moti mukapukusa mutu isagwedere, ndipo lamba wake mumange. Yogula kwa munthu ayi, chifukwa simudziwa ngati inagwapo. Magulovesi ndi ofunika kuposa mmene anthu amaganizira, poti munthu akamagwa chimatsogola ndi chikhatho. Nsapato ziphimbe akakolo. Jekete ndi buluku zikhale ndi zotetezera zigongono, mapewa ndi mawondo zolembedwa EN 1621-1, ndipo ya kumsana imalembedwa EN 1621-2. Kumalo otentha gulani jekete ya maukonde yolowa mphepo, apo ayi muzidzaisiya pa msomali.

5. Mabuleki ndi makhona

Mphamvu yambiri yoimitsa njinga, pafupifupi magawo 7 mwa 10, ili kutsogolo. Ochokera pa tinjinga tating'ono ambiri anazolowera kuponda yakumbuyo yokha, ena mpaka anauzidwa kuti yakutsogolo imaponya munthu. Pa njinga ya makilogalamu 200 chizolowezi chimenecho chidzakulowetsani kumbuyo kwa basi.

Bwererani pamalo anu ophunzirira aja. Yendani makilomita 30 pa ola, njinga ili chilili, kenako gwirani buleki yakutsogolo mopepuka kwa kamphindi kuti kulemera kupite pa tayala lakutsogolo, ndiyeno finyani mwamphamvu mosalekeza ngati mukufinya ndimu. Osakhwatula kamodzi. Mawondo apane thanki, maso akhale kutsogolo. Bwerezani kakhumi, kenako kwezani pa 40, kenako 50. Ngati njinga yanu ili ndi ABS, chipangizo choletsa tayala kusiyiratu kuzungulira mukafinya buleki mwamphamvu, imene ku Ulaya inakhala yokakamiza pa njinga zoposa 125cc kuyambira 2016, finyani mpaka mumve chogwirira chikunjenjemera. Kunjenjemerako si kuwonongeka, ndi ABS ikugwira ntchito, ndipo n'kofunika kuti muyambe mwakumva pamalo opanda ngozi kuti tsiku lenileni musadzadzidzimuke n'kulekerera buleki.

Kumbukirani masamu awa. Pa makilomita 100 pa ola mumadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Njinga zapakatikati zimafika pa 100 mwakachetechete, inu mukuganiza kuti muli pa 70, ndiye muziponya diso pa wotchi ya liwiro.

Za makhona: mukapitirira liwiro la munthu wothamanga, njinga sikhota potembenuza chiwongolero ngati galimoto. Kuti mupite kumanja, kankhani chogwirira chakumanja kutsogolo pang'ono, njinga iwerama yokha. Munkachita kale zimenezi osadziwa, koma pa njinga yolemera muyenera kuzichita mwadala. Chepetsani liwiro musanalowe pakhona, yang'anani potulukira, ndipo mupatse moto pang'onopang'ono potuluka.

6. Kamwambo ka sabata iliyonse

Sankhani tsiku limodzi pa sabata, mphindi 15 zikwanira.

Yambani ndi mpweya wa matayala, asanayende, akadali ozizira. Gulani geji yanu, chifukwa za pamalo omwetsera mafuta zambiri zimanama. Njinga zambiri za msinkhu uwu zimafuna pakati pa 2.0 ndi 2.5 bar (muyeso wa mpweya pa geji) kutsogolo, 2.5 mpaka 2.9 bar kumbuyo, koma nambala yeniyeni ili pa kapepala kaja, osati yolembedwa pa tayala, imene imanena malire chabe. Tayala lakutsogolo likachepa mpweya pang'ono chabe njinga imalemera pokhota, mwina inu n'kumaganiza kuti mwatopa. Zungulitsaninso tayala lililonse mukufufuza misomali ndi ming'alu.

Oyilo muyeze njinga ili chilili pamalo osapendekeka. Ikakhala pa sitandi yam'mbali kagalasi kamanama. Lizani injini mphindi zitatu, zimitsani, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako onani ngati oyilo ali pakati pa mizere iwiri. Powonjezera, botolo likhale lolembedwa JASO MA kapena MA2. Chifukwa chake n'chakuti pa njinga zambiri injini, magiya ndi kilatchi zimasamba oyilo mmodzi, ndipo oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera amene amapangitsa kilatchi kulephera kugwira.

Tsopano tcheni, chimene eni njinga atsopano amachiiwala mpaka chitayamba kulira. Kankhani tcheni m'mwamba ndi pansi pakati pa masipuloketi awiri n'kuyeza ndi lula. Njinga zambiri zam'misewu zimafuna kuti lizisewera mamilimita 25 mpaka 35, ndipo zina zazitali, zoyenda m'misewu yafumbi, zimafuna kuposerapo. Yezani malo atatu kapena anayi mukuzungulitsa tayala, chifukwa tcheni silitha mofanana, ndipo mutsatire pamene pali pothina kwambiri. Tcheni lothina n'loopsa kuposa lolekerera pang'ono. Mukakhala pa mpando kapena kugunda bampu limakokeka, ndipo likasowa posewera limadya mabering'i a giya. Tcheni latsopano limatamuka msanga m'masabata oyamba, musadabwe.

Lidzozeni pa makilomita 500 mpaka 800 aliwonse, komanso mukayenda pamvula. Nthawi yabwino ndi madzulo mukangofika, likadali lofunda, kuti mafuta alowe usiku wonse. Thirani mbali yam'kati, pukutani otsala. Matcheni a njinga zimenezi ali ndi timalabala ting'onoting'ono totsekera girizi m'kati, choncho musawatsuke ndi petulo kapena burashi yawaya. Mankhwala otsukira tcheni kapena parafini pang'ono ndi kaburashi kofewa n'zokwanira. Ndipo chonde, injini ikhale yozimitsa. Alipo amene amaimika njinga pa sitandi yapakati, kulowetsa giya, n'kugwirizira kansanza pa tcheni likuzungulira kuti ntchito ichepe. Kansanzako kakakodwa kamapita ndi zala.

Malizani ndi nyali, ma indiketa, hutala, mlingo wa madzi a rediyeta injini ili yozizira, ndi mafuta a mabuleki pa kagalasi kake.

7. Sevisi yoyamba

Makampani ambiri amaiika pa makilomita 1000. Musaidumphe ndipo musaichedwetse, chifukwa oyilo woyambayo amakhala atanyamula tizitsulo tonse timene tinapalika pozolowezana paja. Amasintha oyilo ndi fyuluta, kumanga mabawuti amene alekerera, kukonza tcheni ndi kilatchi.

Pitani ndi kapepala kolemba zonse zimene mwaona: kaphokoso kakuti pa liwiro lakuti, giya yovuta kupeza, galasi lonjenjemera. Mukangoti ikumveka mwachilendo, makaniko sadziwa poyambira. Akamaliza, onani nokha mlingo wa oyilo ndi tcheni musanachoke, ndipo buku la sevisi adinde. Malisiti onse sungani, poti chitsimikizo cha kampani chimadalira zimenezo, komanso tsiku logulitsa njinga mapepalawo amalankhula kuposa pakamwa panu. Lembaninso penapake kuti mafuta a mabuleki, amene pa njinga zambiri ndi DOT 4, amasinthidwa zaka ziwiri zilizonse ngakhale njinga isakuyenda, chifukwa amayamwa chinyezi.

8. Kupita nayo kuntchito

Njira yakuntchito iyeseni kaye tsiku lopuma, misewu ili phee, kuti mudziwe maenje, mabampu ndi poimika. Tsiku loyamba lenileni nyamukani mofulumirako ndi mphindi 20. Munthu wochedwa ndi amene amalowa pampata umene sakanalowa.

Muziyenda ngati palibe amene akukuonani. Ngozi yofala pakati pa galimoto ndi njinga ndi ya pamphambano, galimoto kukhota kapena kutulukira kutsogolo kwa njinga, dalaivala n'kumati sindinamuone. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Mukamayandikira mphambano, zala ziwiri zikhale kale pa buleki, ndipo muyang'ane tayala lakutsogolo la galimoto yoimayo, osati nkhope ya dalaivala. Nkhope imatha kukuyang'anani osakuonani, koma tayala likayamba kugudubuka silinama. Siyani mpata wa masekondi awiri ndi galimoto yakutsogolo, pamvula anayi. Pambali pa lole musachedwepo: ngati simukuona nkhope ya dalaivala pa galasi lake, nayenso sakukuonani. Kudutsa pakati pa mizere ya magalimoto n'kololedwa m'mayiko ena, kwina n'koletsedwa, ndiye fufuzani lamulo la kwanuko, ndipo mwezi woyamba ingokhalani pamzere mpaka mudziwe kutambalala kwa chiwongolero chanu.

Walira mvula walira matope, ndipo wosankha njinga wasankhanso kunyowa. Mvula yoyamba pambuyo pa nyengo youma ndiyo yoterera kwambiri, chifukwa imadzutsa oyilo ndi fumbi zimene zinamatirira pa phula. Mizere ya penti, zivindikiro zachitsulo ndi dizilo wotayika pa zozungulira muzidutse njinga ili chilili, osagwira buleki.

Pamzere wa magalimoto fani ya rediyeta idzayamba kulira n'kukupemererani mpweya wotentha m'miyendo. Si vuto, ndi ntchito yake. Vuto lenileni la oyenda mtunda waufupi ndi batire. Ngati kuntchito n'kwa mphindi zisanu, injini sibweza magetsi amene inadya poliza, komanso oyilo satentha mokwanira kuti chinyezi chituluke, mwina mudzaona zoyera ngati mkaka pa kagalasi ka oyilo. Kamodzi pa sabata iyendetseni theka la ola kapena kuposa. Batire yabwino ikagona usiku imaonetsa 12.6 V kapena kuposerapo pang'ono.

Loko wa chiwongolero yekha sakwanira. Onjezani loko wa pa chimbale cha buleki kapena unyolo womangirira ku chinthu chosasuntha, ndipo muike kachingwe kokukumbutsani pa chiwongolero. Kunyamuka loko ali pa tayala ndi njira ina yotchuka yogwetsera njinga anthu akuona.

9. Dziwani mmene imamwera

Geji ya mafuta pa njinga zambiri imakhala pamwamba nthawi yaitali kenako n'kugwa mwadzidzidzi. Musaikhulupirire. Dzazani thanki, bwezani kawerengero ka ulendo pa ziro, yendani, dzazaninso, kenako gawani makilomita ndi malita. Mukayenda makilomita 300 n'kuthira malita 12, ndiye kuti lita imodzi ikukupatsani makilomita 25, zimene n'zachizolowezi pa njinga ya 500cc. Chitani zimenezi katatu. Thanki ya CB500X imalowa malita 17 ndi theka, ya V-Strom 650 malita 20, ya Versys 650 malita 21. Pokonza ulendo chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi pa mtunda umene masamu akupatsani, chifukwa katundu, mphepo yakutsogolo ndi liwiro zimadya mafuta.

10. Musagule kalikonse mpaka mutayenda ulendo woyesera

Zithunzi za pa intaneti zidzakuuzani kuti mukufunika mabokosi atatu achitsulo, nyali zinayi ndi paipi ya utsi yobangula. Dikirani. Zokhazo zimene ndinganene kuti mugule sabata yoyamba ndi zitsulo zotchinga injini ikagwa ndi zotchinga zogwirira, chifukwa cha nkhani ya tsiku lachitatu ija. Zina zonse thupi lanu ndi limene lidzakuuzeni.

Sevisi yoyamba ikadutsa, konzani ulendo wa tsiku limodzi, makilomita 200 mpaka 250 kupita ndi kubwera, mutanyamula katundu yense amene mungadzanyamule pa ulendo weniweni. M'buku muli kulemera kumene njinga imaloledwa kusenza, kawirikawiri pakati pa makilogalamu 180 ndi 210, ndipo nambala imeneyi ikuphatikiza inuyo, zovala zanu, wokwera kumbuyo ndi mabokosi omwe. Munthu wa makilogalamu 80 atavala zonse amafika 90. Mukanyamula mnzanu wa 65, mwina katundu watsala ndi malo a makilogalamu 35 okha.

Zolemera ziikeni pansi ndi pafupi ndi pakati pa njinga, mbali ziwiri zilingane. Bokosi lakumbuyo n'la zopepuka, ndipo ambiri mwa mabokosiwa amaloledwa makilogalamu osaposa 10. Mukalidzaza zitsulo, tayala lakutsogolo limapepuka chiwongolero n'kuyamba kugwedezeka. Limbitsani sipuling'i yakumbuyo monga buku lanenera, kuti mukakhala pa mpando ndi katundu njinga itsike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutsika kwake konse. Mukapanda kutero nyali imaloza kumwamba n'kumathobwa anzanu, ndipo njinga imakana kukhota. Onjezani mpweya ngati kapepala kaja kakutero.

Mangani ndi malamba okoka, osati zingwe za labala zokha, ndipo nsonga zotsala muzipinde. Pa ulendo wanga woyesera ndinamva fungo la pulasitiki nditayenda makilomita 60. Ndinkayesa kuti wina akutentha zinyalala m'mbali mwa msewu, koma fungolo linkanditsata. Nditaima ndinapeza chikwama chakumanja chatsetsereka n'kukhala pa paipi ya utsi. Panali bowo lolowa chibakera, ndipo jekete yamvula imene inali m'katimo inali itasungunuka n'kumatirira ku sokosi. Kuyambira pamenepo ndimaima ndikayenda makilomita 20 oyamba n'kukokanso lamba aliyense.

Wokwera kumbuyo muuzeni zinthu zitatu musananyamuke: akwere ndi kutsika pokhapokha inu mwanena, mapazi asachoke pa zopondera ngakhale mwaima, ndipo pakhona ayang'ane pamwamba pa phewa lanu la mbali imene mukukhotera. Koma musanyamule munthu mpaka inu nokha mutaizolowera njingayo.

11. Ulendo wautali woyamba

Powerengera nthawi musatenge liwiro la pa wotchi. Mukaphatikiza kumwetsa mafuta, kupuma ndi kusochera, tsiku lonse limatuluka pa makilomita 60 pa ola kapena kucheperapo. Makilomita 350 ndi tsiku lokwanira kwa woyamba kumene. Nyamukani m'mawa kuti mukafike dzuwa lisanalowe, chifukwa usiku nyali imodzi sionetsa dzenje kapena nyama pa nthawi yake. Pumani ola ndi theka lililonse ngakhale musanatope, ndipo imwani madzi, poti mphepo imaumitsa thukuta inu osadziwa kuti mukutha madzi m'thupi. Mukayamba kuiwala kuzimitsa indiketa kapena kuphonya giya, kumeneko ndi kutopa, imani.

Valani zotsekera m'makutu. Pa makilomita 100 pa ola phokoso la mphepo m'kati mwa helimeti limapitirira 90 dB (muyeso wa phokoso), pamene makutu amayamba kuwonongeka munthu akakhalitsa pa 85 dB. Hutala ndi injini muzizimvabe, koma madzulo mudzafika mutu uli wopepuka.

Pansi pa mpando kapena m'chikwama mukhale masipanala okwana mabawuti a njinga yanu, makamaka ya nati ya tayala lakumbuyo, mafuta a tcheni, geji, kapampu, mafyuzi, tepi, tochi, zomangira mabala ndi chogwirira kilatchi chapadera. Dziwani ngati matayala anu ali ndi chubu kapena ayi. Opanda chubu amamatidwa ndi tizingwe tomata tayala lili pomwepo, ntchito ya mphindi 10, koma yesererani kunyumba pa tayala lakutha. Njinga zambiri za masipoko zili ndi chubu, ndipo pamenepo pamafunika kuchotsa tayala, zitsulo zotsegulira ndi chubu china. Ngati mukudutsa malire a dziko, funsiranitu za mapepala a njinga ndi inshuwalansi ya kumeneko. Uzani munthu wina njira yanu ndi nthawi yofikira.

Mukabwerako, tsukani njinga ndi manja, osalozetsa madzi amphamvu pa tcheni ndi mabering'i, ndipo potsukapo muzigwedeza bawuti iliyonse. Kenako khalani pansi mulembe pamene thupi linadandaula. Khosi likawawa chifukwa cha mphepo yomenya helimeti, yesani kaye kukweza kapena kutsitsa galasi lakutsogolo musanagule lina, chifukwa lalitali nthawi zina limaonjezera phokoso. Zala zikachita dzanzi, mwina mumafinya chiwongolero kwambiri, kapena zogwirira buleki ndi kilatchi zikufuna kupendeketsa pang'ono kuti dzanja liwongoke, ntchito ya mabawuti awiri. Pa kapepala kanga panatsala zinthu ziwiri zokha zofunadi ndalama: chotchinga paipi ya utsi, ndi sitandi yapakati yoti ndizidzoza tcheni popanda kukankha njinga pabwalo lonse.